Mwana wa m'nsungwi: katuni ya ku Japan yofanana ndi nthano za ku Thyolo

M'misika ya Bvumbwe, Luchenza, Makwasa ndi pa boma pa Thyolo muli timashopu momwe achinyamata amathiritsa makanema m'mafoni ndi m'mafulashi. Pakati pa makanema a ku Nigeria, a ku India ndi a nkhonya a ku China, masiku ano mumapezekanso makatuni a ku Japan otchedwa anime.

Kholo likasuzumira pafoni ya mwana limaona zodabwitsa: mtsikana wa maso aakulu atavala mikanjo yokwekwereza pansi, mnyamata wa makutu a galu atanyamula lupanga, nyumba za madenga opindika, ndi mizimu ikuuluka m'mlengalenga. Makolo ena amangoti n'zoseweretsa ana. Ena amaopa kuti ana awo akuphunzira ufiti wachilendo.

Komatu gulu limodzi la makatuni amenewa, la nkhani za chikondi zochitika m'dziko lofanana ndi Japan wamakedzana, lidachokera m'nthano zimene agogo a kumeneko ankakamba. Ndipo funso limene nthanozo zimafunsa si lachilendo kwa munthu wokulira m'midzi yozungulira minda ya tiyi: mtsikana akatha msinkhu, ndani ayenera kumusankhira moyo?

Anime n'chiyani?

Ku Japan, mawu akuti anime amatanthauza kanema aliyense wochita kulemba zithunzi, kaya pamanja kaya pakompyuta. Kunja kwa dzikolo, mawuwa amaimira makatuni opangidwa ku Japan. Ambiri a iwo amayamba ngati mabuku a nkhani za zithunzi otchedwa manga, kenaka n'kuwasandutsa makanema.

Kusiyana kwake ndi makatuni monga Tom and Jerry n'kwakuti ku Japan amapangira anthu a misinkhu yonse. Alipo a ana aang'ono, alipo a anyamata ndi atsikana a ku sekondale, aliponso a akuluakulu. N'chifukwa chake mumapezeka imfa, nkhondo, umphawi ndi mavuto a m'banja.

Mwa makatuni a chikondi ndi mizimu, wodziwika kwambiri ndi Inuyasha. Mayi Rumiko Takahashi adayamba kuilemba ngati manga mu 1996, ndipo idayamba kuonetsedwa pa wayilesi ya kanema mu 2000. Imakamba za Kagome, mtsikana wa pasukulu mumzinda wa Tokyo, yemwe adagwera m'chitsime chakale n'kukatulukira m'Japan wa zaka pafupifupi 500 zapitazo, pa nthawi ya nkhondo za mafumu. Kumeneko adakondana ndi Inuyasha, mnyamata wobadwa kwa mayi waumunthu ndi bambo wachiwanda chooneka ngati galu.

Ina ndi My Happy Marriage, yomwe idatuluka mu 2023. Iyi imakamba za Miyo, mtsikana yemwe mayi omupeza adamusandutsa wantchito pakhomo pa bambo ake omwe, kenaka n'kumupereka kwa msilikali wa mbiri ya nkhanza popanda kumufunsa maganizo.

Koma gwero la nkhani zoterezi likuoneka bwino mu filimu ya The Tale of the Princess Kaguya, yomwe kampani ya Studio Ghibli idatulutsa mu November 2013 motsogozedwa ndi Isao Takahata. Filimuyi idachokera mu nthano ya Taketori Monogatari, kutanthauza nthano ya wodula nsungwi. Mlembi wake sadziwika, koma idalembedwa cha m'ma 900, ndipo imatengedwa ngati nkhani yopeka yakale kuposa zonse zolembedwa ku Japan zimene zilipo mpaka lero.

Nthano ya wodula nsungwi

Padali nkhalamba ina yodula nsungwi m'phiri, yomwe inkakhala ndi mkazi wake opanda mwana. Tsiku lina idaona mphukira ya nsungwi ikuwala, ndipo m'kati mwake mudali kamtsikana kokwana pachikhatho. Itakafika nako kunyumba, kadasanduka khanda, ndipo mawere a mayi wokalambayo adayamba kutuluka mkaka.

Mwanayo adakula mofulumira ngati nsungwi yomwe. Mu filimuyi, ankasewera ndi ana a m'mudzi m'tchire, kuthyola zipatso ndi kuthamangitsa mbalame, ndipo adakondana kwambiri ndi Sutemaru, mnyamata wa banja losauka losema mbale za mtengo.

Zinthu zidasintha bamboyo atapezanso golide ndi nsalu zamtengo wapatali m'nsungwi zomwezo. Iye adamasulira kuti kumwamba kukufuna kuti mwanayo akhale mfumukazi. Adamanga chinyumba ku likulu la dziko, n'kusamutsa banja lake mwadzidzidzi, mtsikanayo osatsanzikana ndi anzake.

Kumzindako adamulembera mayi womuphunzitsa khalidwe la apamwamba. Adamuletsa kuthamanga ndi kuseka mokweza. Adamuzula nsidze ndi kumudetsa mano ndi utoto wakuda, monga ankachitira akazi a m'mabanja achifumu pa nthawiyo. Atatha msinkhu adamupatsa dzina loti Kaguya, lonena za kuwala kwake, ndipo phwando lake lidatenga masiku atatu. Mwini phwandoyo adakhala yekha kuseri kwa chotchinga, akumva alendo oledzera akunyoza bambo ake kuti adagula ulemu ndi ndalama.

Mbiri ya kukongola kwake itawanda, akuluakulu asanu adabwera kudzamufunsira, aliyense akumuyerekeza ndi chuma chosowa chimene iye sadachionepo. Kaguya adawauza kuti aliyense abweretse chuma chimene watchulacho: mbale yamwala ya Buddha, nthambi ya mtengo wobala miyala yonyezimira, mkanjo wosapsa ndi moto, mkanda wa pakhosi pa chinjoka, ndi chigoba chopezeka m'chisa cha namzeze.

Apa ndi pomwe mitima yawo idaonekera. Wina adabweretsa nthambi yochita kusulitsa, ndipo amisiri ake adatulukira pomwepo kudzaitanitsa malipiro awo. Mkanjo wa wina udanyeka atangouponya pamoto. Wachisanu adagwa akupisa m'chisa cha namzeze n'kumwalira, imfa imene idamusweka mtima Kaguya.

Pomaliza mfumu yaikulu ya dziko idabwera yokha n'kumugwira mosamupempha. Ndi mantha, mtsikanayo adalirira kumwezi kuti amupulumutse, ndipo pomwepo adakumbukira kuti kwawo kwenikweni n'kumwezi. Pa usiku wa 15 wa mwezi wachisanu ndi chitatu, mwezi uli wathunthu, anthu akumeneko adatsika pamtambo kudzamutenga. Asilikali amene bambo ake adaika padenga sadaphule kanthu. Atamuveka mkanjo wakumwezi, adaiwala zonse za padziko, makolo ake okalamba akulira.

Nthanoyi njodziwika kwa mwana aliyense ku Japan, moti mu 2007 dzikolo litatumiza chombo chokafufuza mwezi, lidachitcha Kaguya.

Dziko limene nthanoyi idabadwira

Nkhaniyi idalembedwa m'nyengo yotchedwa Heian, kuyambira 794 mpaka 1185, pomwe likulu la Japan lidali mzinda umene lero ndi Kyoto. Zovala zosanjikiza, nyumba za zotchinga za nsungwi ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe zimene zimaoneka m'makatuni ambiri a mtundu uwu zidachokera m'nyengo imeneyi.

Mkazi wa m'banja lapamwamba sankaonetsa nkhope kwa mwamuna wachilendo. Mwamuna ankafunsira mbeta kudzera m'ndakatulo zazifupi zolembedwa papepala, ndipo kawirikawiri ankakopeka ndi mbiri chabe. Izi zikufotokoza chifukwa chimene akuluakulu asanu aja adalimbirana mtsikana amene sadamuonepo.

Chochititsa chidwi kwa Alhomwe ndi Amang'anja a m'Thyolo n'chakuti m'mabanja ambiri achifumu a nthawiyo mkazi sankasamuka akakwatiwa. Mwamuna ndiye ankapita kwa mkazi, mwina kumangoyendera usiku, mwina kukhazikika komweko, ndipo ana ankaleredwa kuchikazi. Dongosolo limeneli silikusiyana kwenikweni ndi chikamwini. Choncho banja lokhala ndi mwana wamkazi wokongola linkatha kukwera pamwamba pokopa mkamwini waudindo, ndipo apa ndi pomwe padagona chiyembekezo cha wodula nsungwi.

Ngakhale maonekedwe a malo si achilendo. Mapiri obiriwira okutidwa ndi nkhungu a mu filimuyi akukumbutsa za Thyolo m'nyengo ya chiperoni. Nsungwi imene nkhalamba ija inkadula ndi yomweyo imene amisiri a kuno amalukira malichero, nkhokwe ndi madengu. Nawo tiyi, yemwe akulimidwa m'maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, ndi mbewu yomweyo imene ansembe achibuda adapita nayo ku Japan kuchokera ku China m'zaka za m'ma 800. Kusiyana kuli pa kakonzedwe: ku Japan amafutsa masamba ndi nthunzi kuti akhalebe obiriwira, pomwe tiyi wambiri wa m'Malawi amakhala wakuda.

Kaguya ndi Kamdothi

Amene adakula akuvomera kuti "tili tonse" pamoto madzulo aona kale kuti Kaguya ali ndi m'bale wake kuno. Mu nthano ya Kamdothi, mayi wosabereka adaumba mwana ndi dothi, ndipo mwanayo adakhala wamoyo. Chimodzi chokha ndicho chidali choletsedwa, mvula kumugwera. Mitambo ikada, mayiyo ankamuitana ndi nyimbo kuti athamangire kunyumba. Tsiku lina adasewera kutali, mvula idamupeza panjira, ndipo adasungunuka.

Nthano ziwirizi zili ndi mafupa ofanana. Makolo opanda mwana alandira mwana modabwitsa, kuchokera m'chinthu wamba cha pakhomo, dothi kapena nsungwi. Amukonda ndi mtima wonse, koma pamapeto pake chimene chidamupereka chimutenganso. Zonse zikuphunzitsa kuti mwana ndi mphatso yobwerekedwa, ndipo zimatonthoza makolo amene adaikapo mwana m'manda.

Palinso nthano ina yofala m'Malawi muno imene ikuyenda njira imodzi ndi ya Kaguya, koma n'kukapatukana kumapeto. Ndi ya mtsikana wonyada amene adakana anyamata onse a m'mudzi, n'kudzalola mlendo wovala bwino yemwe usiku ankasanduka fisi. Amene adamupulumutsa ndi mlongo wake wamng'ono yemwe iye ankamunyoza. Phunziro lake ndi la mwambi uja wakuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mu nthano ya kunoyi, wolakwa ndi mtsikana chifukwa chokana amuna ndi kusamvera akuluakulu. Mu nthano ya ku Japan, kukana kwa mtsikana ndiko kukuvundukula bodza la ofunsira. Nyerere zili mwa akuluakulu olemekezeka amene bambo ake adawagwadira. Achinyamata amene amva nthano zonse ziwiri ali ndi mbali ziwiri za nkhani imodzi: kuti mtsikana akhoza kusankha molakwa, ndiponso kuti makolo akhoza kumusankhira molakwa.

Bambo wachikondi amene sadafunse

Mphamvu ya filimu ya Takahata ili pa wodula nsungwi. Iye si munthu woipa. Sadamenye mwana wake, sadamumane chakudya, ndipo chilichonse adachita pokhulupirira kuti akumukonzera chimwemwe. Adakhala moyo wake wonse akusenza nsungwi kumsana, ndiye sadafune kuti mwana wake adzadziwe umphawi umenewo. Cholakwa chake chidali chakuti sadamufunse mwanayo chimene mtima wake unkafuna.

Maganizo otere ndi omveka m'boma ngati Thyolo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'bomali, pomwe gawo lalikulu la nthaka yachonde lili m'maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda ndi thangata. Mabanja ambiri ali ndi timinda tating'ono. Ntchito yothyola tiyi imachuluka m'miyezi ya mvula, n'kuchepa m'chilimwe. Pakhomo potere, mwamuna wa kangachepe, kaya wamalonda kaya wobwera kuchokera ku Joni, akaonetsa chidwi pa mtsikana wa pasukulu, makolo ena amaona ngati apeza golide m'nsungwi.

Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti akazi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asadakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu February 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo oyendetsera dziko pochotsa ndime imene inkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza.

Lamulo limaletsa ndi kulanga, koma silifika mumtima mwa kholo limene likudziona kuti likuchita zabwino. Nthano imafika kumeneko. Woonera filimuyi amamumvera chisoni bamboyo pomwe akuonanso mwana wake akufota ngati duwa lothyoledwa. Bamboyo adazindikira cholakwa chake mochedwa, mtambo wakumwezi uli kale m'njira.

Filimuyi sinamiziranso kuti umphawi ndi wokoma. Kaguya atakumananso ndi Sutemaru mumzinda, adamupeza akumenyedwa chifukwa choba nkhuku. Pomwe adakumana komaliza, mnyamatayo adali kale ndi mkazi ndi mwana. Chikondi chawo chidangotsala ngati loto.

Nanga mizimuyo?

Nkhawa ya makolo opemphera ili pa mizimu ndi ziwanda. Zambiri mwa izo zidachokera mu Shinto, chipembedzo chamakolo cha ku Japan, chimene chimati m'mapiri, m'mitsinje ndi m'mitengo ikuluikulu mumakhala mizimu yotchedwa kami. Zina zidachokera mu Chibuda, ndipo zina ndi zilombo za m'nthano zotchedwa yokai. Olemba makatuni amazigwiritsa ntchito monga momwe agogo amagwiritsira ntchito kalulu woyankhula kapena fisi wosanduka munthu.

Maganizo akuti phiri lili ndi eni ake osaoneka alipo kunonso. Anthu a ku Mulanje amalemekeza nsonga ya Sapitwa ngati malo a mizimu. Phiri likagumuka ndi madzi, monga zidachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, anthu amatchula Napolo. Ngakhale ukwati wa munthu ndi mzimu uli m'chipembedzo chamakolo: ku Khulubvi m'boma la Nsanje, mayi wotchedwa Salima amatengedwa ngati mkazi wa Mbona, ndipo ku Msinja m'boma la Lilongwe kudali Makewana, wotumikira Chisumphi. Izi n'zikhulupiriro zimene eni ake amazilemekeza, ndipo zikuonetsa kuti makolo a kuno ndi a ku Japan ankaliona dziko mofananako.

Chenjezo loyenera lili pa msinkhu wa woonera. Poti anime amapangira anthu osiyanasiyana, ilipo ina yodzadza ndi magazi ndi zolaula. Princess Mononoke ya Hayao Miyazaki, yomwe idatuluka mu 1997, ndi nkhani yozama ya mkangano wa pakati pa osula zitsulo odula nkhalango ndi mizimu ya m'nkhalangomo, nkhani imene ingakhudze aliyense woona momwe phiri la Thyolo lidayerera. Koma muli nkhondo yodula manja ndi mitu, yosayenera ana aang'ono. Kholo lisakhulupirire kanema chifukwa chakuti ndi katuni. Njira yabwino ndi kufunsa dzina lake, kuonera limodzi ndi mwana chigawo chimodzi, ndi kumufunsa chimene watolapo.

Ndani adzajambula zathu?

Kusandutsa nthano kukhala filimu yotere si ntchito yamasewera. The Tale of the Princess Kaguya, yomwe ndi yotalika mphindi 137, idatenga zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, ndipo idadya ndalama za ku Japan zokwana pafupifupi ma yen 5 biliyoni, omwe pa nthawiyo adali pafupi ndi madola 50 miliyoni a ku America. Zithunzi zake zidalembedwa pamanja, zooneka ngati za makala ndi utoto wamadzi. Mu 2015 idapikisana nawo pa mphoto za Oscar. Idali filimu yomaliza ya Takahata, yemwe adamwalira mu April 2018 ali ndi zaka 82.

Ndalama zoterezo Malawi alibe, koma chuma chimene Takahata adayambira, nthano yamakolo, chilipo. Kuyambira 2012, bungwe la Malawi National Commission for UNESCO mogwirizana ndi National Library Service lidayendera maboma kujambula akuluakulu akukamba nthano m'zinenero zawo. Zipangizo zojambulira zidachokera ku kampani ya Sony ya ku Japan komweko. Cholinga chidali kusunga nthanozo eni ake asadapite nazo kumanda.

Anansi a ku Zambia aonetsa kale kuti n'zotheka kufika patali. Mu 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a mumzinda wa Lusaka, yomwe adaiganiza ndi Malenga Mulendema wa m'dzikolo, ndipo idapangidwa mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town.

Nthano ya wodula nsungwi idapulumuka zaka zoposa 1,000 chifukwa m'badwo uliwonse udaikambanso m'njira yake: pakamwa, pamipukutu ya zithunzi, m'mabuku a kusukulu, ndipo tsopano pa kanema. Kamdothi, Napolo ndi mkwati wa fisi akudikira zomwezo. M'masukulu a ku Thekerani, Goliati ndi Masambanjati muli ana amene amajambula nkhope za anime kuchikuto kwa makope awo. Aphunzitsi ndi makolo akawalimbikitsa kuti ajambulenso nthano imene adamva kwa agogo awo, ntchitoyo idzakhala itayambika.